Kuona chiphaso n'kwina, kuchisunga n'kwinanso

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi tikambepo za chizolowezi chimene chamera mizu m'maofesi, m'mashopu, m'malo ogona alendo ngakhalenso m'zipatala. Masiku ano wofuna kudziwa kuti ndinu yani sakhutira ndi kuyang'ana chiphaso chanu n'kukubwezerani. Amafuna fotokope, apo ayi atulutsa foni yake n'kuchijambula kumaso ndi kumbuyo. Ife amene tikulemba kalatayi ntchito yathu ndi ya makompyuta komanso yosunga kaundula wa odwala, ndipo mfundo yathu ndi imodzi: wofuna kutsimikiza kuti ndinu mwini dzina ayenera kuona chiphaso, kuona nkhope yanu, basi. Akatsala ndi chithunzi cha chiphasocho ndiye kuti watsala ndi kiyi wa pakhomo panu.

Tiyambe ndi chitupa cha unzika. Mu 2017 bungwe loona za kalembera wa unzika la NRB lidalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Aliyense adajambulidwa nkhope ndi kudinda zala. Pa khadi limene mudalandira pali dzina, tsiku lobadwa, chithunzi ndi nambala ya zilembo 8 zosakaniza manambala ndi malemba. Kumbuyo kuli kachidindo ka QR ndi mizere yowerengedwa ndi makina, ndipo m'khadimo muli kachipu. Mphamvu ya chitupachi ili pa kugwirizana kwa zinthu zitatu: khadi lenilenilo, nkhope ya wolinyamula ndi chala chake. Fotokope ilibe kachipu, ilibe chala, ndipo nkhope imatuluka yakuda bii moti mlongo ndi mchemwali wake sasiyana. Komatu zolembedwa zonse imatenga, kuphatikizapo QR ija, imene imawerengeka bwinobwino ngakhale pa pepala. Pamene pagona vuto m'pakuti malo ambiri amalandira pepalalo ngati kuti mwini wake waima pamaso pawo.

Nambala imeneyi tsopano ndiyo imatsekula pafupifupi khomo lililonse. Kuyambira mu 2018, pamene bungwe loyang'anira za mafoni ndi mauthenga la MACRA lidalamula kuti simu khadi iliyonse ilembedwe m'dzina la mwini wake, nambala ya foni idamangiriridwa ku chitupa. Akaunti ya kubanki, Airtel Money, Mpamba, kulembetsa m'kaundula wa mavoti, feteleza wotsika mtengo, Mtukula Pakhomo, zonsezi zimadzera pa chitupa chomwecho. Ubwino wake ngoonekeratu, ndipo sitikuti tibwerere kumene tidachoka. Koma chingwe chimodzi chikamanga mbuzi zonse, wodula chingwecho watenga khola lonse.

Kuba kwake kumayenda motere. Wakuba amayamba wapeza fotokope kapena chithunzi cha chitupa chanu pamodzi ndi nambala yanu ya foni, zimene kawirikawiri zimalembedwa pa fomu imodzi. Akatero ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kulembetsa simu khadi yatsopano m'dzina lanu kwa wogulitsa wosasamala, n'kumaigwiritsa ntchito potumizira anthu mauthenga aja akuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Apolisi akayamba kufufuza, dzina lotuluka pa nambalayo ndi lanu. Yachiwiri ndi kunamizira kuti foni yatayika n'kupempha kuti nambala yanu aiike pa khadi lina. Zikatheka, mauthenga onse a kubanki okhala ndi manambala otsimikizira amayamba kupita kwa iye. Chizindikiro chake n'chimodzi ndipo ambiri amachinyozera: netiweki kuzimiririka pa foni yanu yokha pamene anzanu a kampani yomweyo, mutakhala nawo pamodzi, akuimba bwinobwino. Mukazimitsa ndi kuyatsa foni koma netiweki osabwerera, musadikire kuti kuche. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu ya foni ndi banki kuti atseke kaye, ndipo m'mawa mupite nokha ndi chitupa chenicheni.

Nanga pamene fotokope ikufunikadi, monga potsekula akaunti kapena pofunsira ntchito? Musapereke pepala loyera. Tengani bolopeni, jambulani mizere iwiri yodutsa pakati pa chithunzi cha chitupacho, ndipo pakati pa mizereyo lembani amene mukumupatsa, chifukwa chake ndi tsiku, mwachitsanzo "ya kubanki, kutsekulira akaunti kokha, 14 Malichi". Zolembazo zidutse pa chitupa penipeni, osati m'mphepete mwa pepala, chifukwa za m'mphepete munthu amangodula ndi lumo n'kuchititsanso fotokope ina. Zisaphimbe dzina ndi nambala, koma zizikhudza chithunzi. Ngati amene akufuna pepalalo alibe makina owerengera QR, phimbani QR ndi kapepala musanachititse fotokope. Ndipo werengani mapepala: mwapempha awiri, makina atulutsa atatu chifukwa loyamba linada kwambiri, lodalo ndi lanunso. Lipireni, litengeni, mukaling'ambe kunyumba. Mapepala otayidwa pa shopu ya fotokope sapita kutali. Mawa lake mudzawapeza akulungira zitumbuwa.

Mashopu omwewa ali ndi msampha wina. Munthu afika ndi chithunzi cha pasipoti, satifiketi ya MSCE kapena zotsatira za kuchipatala mu foni, ndipo mnyamata wa pashopu amati, "Tumizani pa WhatsApp pa nambala iyi." Pepala lituluka, kasitomala alipira, apita. Chithunzi chija chatsala malo atatu: mu macheza a WhatsApp, m'nkhokwe ya zithunzi ya foni ya mnyamatayo, ndi mu kompyuta imene asindikizira, momwe mafayilo a makasitomala a chaka chonse amangounjikana. Kompyutayo ikawonongeka imapita kwa wokonza ndi zonse zili m'mimba mwake. Chochita n'chakuti musachoke pomwepo musanafufute uthengawo posankha kufufutira onse, chifukwa mwayi umenewu umatha pakapita masiku awiri, ndipo mupemphe kuti afufutenso mu kompyuta inu mukuona, ndi mu bini ya kompyutayo momwe. Wina adzakuonani ngati ovuta. Ovuta ndinu lero lokha, koma ngongole yotengedwa m'dzina lanu imavuta zaka.

Za akatapila amene amalanda chitupa ndi khadi la ku ATM ngati chikole, komanso mavenda amene amasonkhanitsa zitupa za alimi nyengo ya feteleza, sitichulukitsa mawu. Wopereka chitupa chake kwa munthu wotere wapereka dzina lake kuti lichite zimene iye mwini sakuziona.

Tibwere pa maulendo. Tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi lili ndi mizere iwiri pansi pake, uliwonse wa zilembo 44, yodzaza ndi tizizindikiro tonga mivi. M'mizeremo muli dzina, nambala ya pasipoti, dziko, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera. Pasipoti zamakono zilinso ndi kachipu kosunga chithunzi ndi mbiri ya mwini wake, ndipo kachipuko sikalankhula ndi makina aliwonse: kiyi wake amapangidwa kuchokera ku nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera, zimene makina a pachipata amawerenga pa mizere iwiri ija bukulo likatsekulidwa. Choncho mantha akuti wina angakubereni mbiri pasipoti ili m'thumba ngochepa. Choopsa n'chimene timachita tokha, kuika tsamba lonselo pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp ndi mawu akuti "Mulungu wayankha". Ayankhadi, koma chithunzicho chikwanira kuti wina akachite nacho zachinyengo m'dzina lanu.

Kapepala kokwerera ndege nakonso n'chimodzimodzi. Pamakhala nambala ya ulendo wanu ya zilembo 6, ndipo ikapanda kuoneka poyera imakhala mu bakodi, kachidindo kowerengedwa ndi makina, imene foni wamba imawerenga. Pa masamba a intaneti a makampani ambiri a ndege, dzina la bambo ndi zilembo 6 zimenezi n'zokwanira kutsekula ulendo wonse, kuona nambala ya foni, kusintha mpando, mwinanso kusokoneza ulendo wobwerera. Mu 2020 Tony Abbott, amene adakhalapo nduna yaikulu ya dziko la Australia, adaika chithunzi cha kapepala kake pa Instagram, ndipo katswiri wina wa makompyuta adapeza nambala ya pasipoti ndi ya foni ya mkuluyo pongodzera pa chithunzicho. Kuphimba dzina ndi chala n'kusiya bakodi poyera sikuthandiza. Ndipo kapepalako musakasiye m'thumba la mpando wa m'ndege mukamatsika.

Ambiri mwa abale athu sakwera ndege, amakwera basi ya ku Joni. Kuchokera ku Blantyre pasipoti imatuluka m'thumba pa Mwanza, pa Zobue, pa Cuchamano, pa Nyamapanda, kenako pa Beitbridge mbali zonse ziwiri. Usiku, anthu atatopa, mwana akulira kumsana, pamapezeka wina wonena kuti, "Bweretsani mapasipoti onse ndikakudinditsireni, musavutike ndi mzere." Apa ndipo ambiri amagwera m'mbuna. Chidindo cha inki sindicho umboni weniweni wakuti mwalowa kapena kutuluka m'dziko. Umboni uli mu kompyuta ya pachipata, pamene ofesala wadutsitsa pasipoti pa makina inu muli pamaso pake. Chidindo chimene sichikugwirizana ndi zimene zili mu kompyuta chimatengedwa kuti n'chabodza, ndipo woyankha mlandu ndi mwini pasipoti, osati amene adatolera mabuku aja. Chimodzimodzinso amene ali ku Joni amene amatumiza pasipoti yokha ku boda kuti ikaonjezeredwe masiku. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 ku South Africa popanda viza. Wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa apo amaletsedwa zaka zisanu. Chilango chimenechi n'chowawa, komabe n'chopepuka poyerekeza ndi mlandu wa chidindo chachinyengo. Imani nokha pamzere, ndipo musanachoke pawindo yang'anani tsiku limene alemba pa chidindo, chifukwa ofesala atha kupereka masiku ochepera amene mukuganiza.

Pali fotokope imodzi yokha imene tikulimbikitsa: yanu. Tsamba la chithunzi likhale pa pepala m'chikwama china, osati momwe muli pasipoti, ndipo lina litsale kwa m'bale wodalirika kumudzi. Pasipoti ikatayika, yambani ndi lipoti la apolisi, kenako ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Wodziwa nambala ya pasipoti yake amathandizika msanga kuposa wongonena kuti "inali yatsopano ndithu".

Boma nalo lili ndi mbali yake. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makompyuta adalowerera makinawo n'kumafuna dipo. Anthu adadandaula za maulendo olephereka, ndipo m'pomveka. Funso limene lidafunsidwa mochepa ndi la mbiri za anthu zimene zili m'makinawo: zithunzi, zidindo za zala, mayina a makolo, midzi ndi mafumu. Nambala yachinsinsi ikabedwa mumasintha. Chala simungasinthe. Nthawi ya mavuto ngati imeneyo ndi imenenso madobadoba amakolola, chifukwa munthu wothedwa nzeru amapereka fomu yodzaza, zithunzi ndi fotokope ya chitupa kwa mlendo amene wakumana naye pageti.

Tsopano nkhani imene ikutikhudza kwambiri, ya buku la kuchipatala. Kabuku aka n'kanzeru: wodwala amayenda ndi mbiri yake, kaya apite ku Nsanje kaya ku Chitipa, dokotala amaona mankhwala amene adalandira kale ndi amene samuyanja. Koma m'kabuku komweko muli zonse pamodzi: malungo a chaka chatha, matenda opatsirana pogonana, njira yakulera, padera, zotsatira za magazi a kusikelo ya amayi oyembekezera. M'zipatala zimene zili ndi makompyuta ogwiritsa ntchito pongokhudza galasi, amene bungwe la Baobab Health lidayambitsa ku Kamuzu Central Hospital, pachikuto amamatapo kapepala ka bakodi, ndipo zochitika pa ulendo uliwonse zimasindikizidwa pa timapepala tomata m'kati. Munthu wophunzira pang'ono akatsekula masamba awiri amadziwa zonse. Kabuku ka mwana ka kusikelo nako kamatha kuulula za mayi, chifukwa muli malo olembapo ngati mwanayo adabadwa kwa mayi amene ali ndi HIV.

Ndiye taganizani kumene kabukuka kamafika. Wantchito wadwala masiku atatu, bwana akuti, "Bweretsa buku la kuchipatala ndione." Mwana wajomba kusukulu, aphunzitsi akufuna buku. Mayi wa pakhomo akufuna kulemba wantchito wolera mwana, akuti aone buku kaye. Onsewa chimene akufunikira ndi chimodzi, umboni wakuti munthuyo adaonedwa ndi dokotala tsiku lakuti ndipo adauzidwa kupuma masiku akuti. Umboni wotere ndi kalata yapadera ya mizere itatu yokhala ndi chidindo cha chipatala, yosatchula nthenda. Pemphani kalatayo mukadali m'chipinda cha dokotala, chifukwa mukatuluka mudzayambanso mzere. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za HIV ya munthu popanda chilolezo chake, limaletsa kusala, ndiponso limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa kuti alembedwe ntchito. Bwana wofuna kuwerenga buku lonse akupeza mozembera chimene lamulo lidamuletsa kufunsa maso ndi maso. Ndipo madzi akatayika saoleka: dzina likangomveka pamsika, palibe khoti limene lingabweze mawuwo m'kamwa mwa anthu.

Kuti muone kuti n'zotheka kutsimikiza chinthu chimodzi popanda kuvula munthu, yang'anani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Pali dzina, tsiku lobadwa, tsiku la katemera, nambala ya gulu la mankhwalawo, siginecha ndi chidindo. Za matenda anu palibe. Limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu Julayi 2016 katemera mmodzi amakwanira moyo wonse, kotero wokuuzani kuti khadi lanu latha chifukwa papita zaka khumi akulakwitsa. Malawi sali m'gulu la mayiko a nthendayi, koma Ethiopia ndi Kenya alimo, ndipo ndege zathu zambiri zimadzera ku Addis Ababa ndi Nairobi. Mayiko ngati South Africa amafuna khadili kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pa bwalo la ndege la dziko lotere. Ogula khadi lodindadinda popanda kubayitsa akudzinamiza okha, pakuti udzudzu suwerenga zidindo. Satifiketi ya chifuwa chachikulu imene dziko la Britain limafuna kwa Amalawi okakhala kumeneko miyezi yoposa 6 nayonso imangonena za chifuwacho, ndipo imagwira ntchito miyezi 6. Zosiyana zili m'mayiko a ku Gulf monga Saudi Arabia, Kuwait ndi United Arab Emirates, amene amayeza HIV munthu asanapatsidwe chilolezo chogwira ntchito. Wofuna kupita kumeneko adziwiretu zimenezi asanalipire ejenti ndalama, ndipo asapereke zotsatira za magazi kwa ejenti pa WhatsApp.

Woyenda ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a shuga kapena a BP, asawakhuthulire m'kapepala ka pulasitiki pofuna kubisa. Mapiritsi opanda dzina ndiwo amaitana mafunso pachipata. Akhale m'botolo lake, ndi kalata yaifupi ya kuchipatala yonena kuti mankhwalawa ndi a munthuyu, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa mu ngolo ya basi. Za phokoso la botolo, limene ambiri amaopa m'basi, kathonje koyera pamwamba pa mapiritsi kamathetsa nkhani.

Anzathu a m'zipatala, tisaloze chala ena okha. Chithunzi cha X-ray kapena zotsatira za ku labu chimene mwatumiza pa gulu la WhatsApp kuti akuluakulu akuthandizeni nzeru chimalowa m'mafoni a anthu onse a pagulupo, ndipo m'mafoni ambiri chimakasungidwa chokha pamodzi ndi zithunzi za ukwati ndi za ana. Madzulo mwana abwereka foniyo kuti aseweretse. Kufunsa nzeru n'kofunika, makamaka kuzipatala zakumidzi kumene dokotala wamkulu ali kutali. Koma pindani pepalalo kapena phimbani dzina, mudzi ndi bakodi musanajambule, lembani zaka ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo zimitsani zoti zithunzi za gululo zizisungidwa zokha. Mukafufuta, kumbukirani kuti mafoni ambiri amasunga zofufutidwa m'bini kwa masiku 30.

Chinanso ndi nambala yachinsinsi yolowera mu kompyuta ya chipatala. Makinawa amalemba amene watsekula mbiri ya wodwala ndi nthawi yake. Koma pamene wodi yonse ikulowera pa dzina la munthu mmodzi, nambala yake italembedwa pa kapepala komata pakhoma, kaundula ameneyu alibenso ntchito. Mbiri ya mkazi wa mneba ikatsekulidwa ndi munthu wachidwi chabe, kompyuta idzaloza namwino amene anali patchuthi tsikulo. Chifukwa chake chimadziwika: wantchito watsopano amadikira milungu kuti amutsekulire dzina lake, mzere wa odwala sudikira, ndiye amabwereka la mnzake. Mankhwala ake ndi kutsekula dzina tsiku loyamba ntchito ndi kulitseka tsiku losamuka. Mauthenga okumbutsa odwala tsiku lobwera nawonso alembedwe mosamala, chifukwa m'mabanja ambiri foni ndi imodzi. "Kumbukirani tsiku lanu Lachiwiri" n'zokwanira. Polemba nambala ya foni ya wodwala, mufunseni kuti foniyo amagwira ndani ndipo ngati wayankha wina munene kuti ndinu yani. Ndipo pawindo la mankhwala, kufuula dzina la munthu pamodzi ndi dzina la mankhwala ake benchi yonse ikumva ndi kuulula chinsinsi ngakhale palibe kompyuta imene yakhudzidwa.

Pa foni ya munthu aliyense pali zotchinga zingapo zosalira ndalama. Ikani pini pa simu khadi yeniyeniyo, osati pa foni pokha, kuti wakuba akaichotsa n'kuiika mu foni ina isagwire ntchito. Samalani poika, chifukwa mukalakwitsa katatu imatsekeka ndipo imafuna nambala ya PUK ya manambala 8 imene ili pa kapulasitiki kamene simu idabweramo; mukalakwitsa PUK kakhumi, khadilo lafa. Sinthani foni kuti mauthenga asamaoneke pagalasi ikakhala yokiya, pakuti nambala yotsimikizira ya kubanki yoonekera pa foni yokiya ili ngati kiyi wosiyidwa pachitseko. Pa WhatsApp tsekulani chitetezo chachiwiri cha pini ya manambala 6, ndipo nambala imene WhatsApp yakutumizirani pa SMS musauze munthu, ngakhale uthenga wopemphawo uchokere pa nambala ya abusa anu, chifukwa mwina iwowo abedwa kale. Popereka foni kwa wokonza chotsani simu ndi memori khadi. Wonena kuti akufuna pini yanu kuti ayese sipika, muuzeni ayese inu mulipo.

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo pa makalata ndi mafoni. Mu 2024 kudabwera lamulo loteteza mbiri za anthu, ndipo udindo woliyang'anira udapatsidwa ku MACRA. Mwachidule limati wotolera mbiri ya munthu akhale ndi chifukwa chomveka, atenge zokhazo zofunika pa chifukwacho, azisunge motetezeka ndipo asazisunge mpaka kalekale. Za umoyo ndi zidindo za zala lidaziika m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Mbiri zikabedwa kapena kutayika, wozisunga ayenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72. Inu muli ndi ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga za inu, kukonzetsa zolakwika ndi kupempha kuti zifufutidwe pamene palibe chifukwa chozisungira. Pofunsa, lembani kalata, ikani tsiku, chititsani fotokope ya kalatayo, ndipo wolandira asayine ndi kudinda pa yanuyo. Dandaulo la pakamwa limathera pa kauntala pomwepo.

Koma lamulo losadziwika kwa mlonda, kalaliki ndi mnyamata wa pashopu silifika kumene mbiri za anthu zimatayikira. Tikupempha MACRA kuti ilimasulire m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, mwachidule, pa pepala limodzi loti likhomedwe pamalo alionse amene amafunsa chitupa, lonena zimene angafunse ndi zimene sangafunse. Tikupempha NRB kuti njira yofunsira ku kaundula wake, yongoyankha kuti inde munthuyu ndi yemweyo kapena ayi, ifike ponseponse pamene lero akuunjika mafotokope m'makatoni. Ndipo Unduna wa Zaumoyo usindikize kalata yopumira yofanana m'zipatala zonse, kuti buku la kuchipatala lisamafikenso pa desiki ya bwana.

Chotsiriza n'chaching'ono koma chili pageti lililonse: buku la alendo. Limakhala lotsekula patebulo la mlonda, bolopeni itamangidwa ndi ulusi, ndipo wolemba pa mzere wa 30 amawerenga mayina, manambala a foni, manambala a zitupa ndi kumene akupita anthu 29 amene abwera iye asanafike. Mlonda akatembenuka kukatsekulira galimoto, kujambula tsamba lonse ndi foni kumatenga sekondi imodzi. Mlondayo alibe mlandu, akutsata zimene adauzidwa. Eni malo ndiwo asinthe: mlonda aone chitupa, ayang'ane nkhope, alembe yekha dzina ndi nthawi, bukulo litayang'ana kwa iye. Danga la nambala ya chitupa lichotsedwe, pakuti palibe chimene limaonjezera pa chitetezo cha nyumbayo. Kumene akufunadi nambala ya foni, mlendo alembe pa kapepala kakekake koponya m'bokosi lokhoma, ndipo timapepalato tiziwotchedwa pakatha mwezi.

Ndife,
Ogwira ntchito za makompyuta ndi kaundula wa odwala,
Lilongwe.